Katsitsimzukwa wa Agogo Anu

Ika pansi chikwanjecho, Tadala. Ndati ika pansi! Chitsamba changokukala pamwendo basi, iwe wachiweruza kale kuti chife? Bwerani kuno nonse, khalani pamthunzipa. Iwe Chisomo, foniyo ilowe m'thumba, siithawa. Ana inu mukaona chomera chimene simunachiphunzire kusukulu mumangoti ndi tchire. Ameneyo ndi katsitsimzukwa, ndipo akanapanda kumera, bwenzi ine ndili kwathu ku Nathenje, inu mukundidziwa ngati nkhalamba ina yongokumana nayo pamaliro.

Mudziwe kaye kuti ine pano ndine wobwera. Mudzi uno ndi wa agogo anu aakazi, malemu Nankhoma. Ndinabwera kuno ku Mitundu kudzakhala pachikamwini ndili ndi khasu, mphasa ndi njinga yopanda mabuleki. Munda unali wawo, nyumba ndinamanga ine koma pamalo pawo. Chimene ndinali nacho changachanga inali ntchito ya kuesiteti ya fodya, kumene ndinkasamala nazale. Pamenepo ndiye musandiyese. Kuotcha bedi ndi mapesi kuti udzu ufe, kusakaniza njere za fodya m'kheni yamadzi, kuphimba ndi udzu wopyapyala, zonsezo zinali m'manja mwangamu. Inu mbande mumagula m'timapepala takuda pamsika, simudziwa kuti munthu ankaonda nazo.

Anthu amati ndine wokayikira. Sindikana. Ife tinakula nthawi imene munthu usanatchule za boma unkayamba wacheuka, ndipo amene akuseka nawe kwambiri ndi amene unkamuopa. Ndiye itabwera matipate, anzanga akuvina ndi kukweza zala ziwiri m'mwamba, ine ndinkangoti tiona. Kunabwera anthu ambiri nthawi imeneyo, ena pagalimoto, ena panjinga zamoto, aliyense ndi mbewu yake yotilemeretsa. Uyu akuti dzalani tsabola, uyo akuti soya. Nawonso amayi pakamwa panatseguka. Amuna pabawo ankadandaula kuti matipate yalowa mpaka kukhitchini.

Chaka chomwecho ntchito yanga inatha. Mwini esiteti anachepetsa munda, ife ena n'kutiuza kuti tikapume. Ndinabwerera pakhomo manja ali m'thumba. Mkamwini wopanda ntchito amamva ngakhale zimene sizinanenedwe. Apongozi akatsokomola, iwe umati akunena ine.

Ndiye tsiku lina m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, ndikufuna lumo langa pansi pa bedi, ndinapeza kachigoba ka chipanda kovundikira. Kutsegula, muli madzi ndi tinjere takuda, tozungulira, tolimba ngati timiyala. Ndinatizindikira pomwepo. Ndili mnyamata ndikuweta mbuzi m'mapiri a ku Nathenje, katsitsimzukwa anandikala miyendo mpaka kutopa. Masamba ake ngati tsitsi, minga yokhota, tizipatso tofiira ngati mikanda, m'kati mwake njere yakuda. Ndipo aliyense ankadziwa kuti chimenechi si chomera chosewera nacho. Mizu yake ankakumba ndi asing'anga ndi azamba, osati munthu wamba.

Sindinafunse. Munthu wokayikira safunsa, amazonda. Ndinayamba kuona kuti agogo anu akapita kokatola nkhuni akuchedwa, ndipo wina anawaona akuzungulira pachulu m'mphepete mwa manda. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa bafa atagwada, akukhutiza njere imodziimodzi pamwala, milomo ikugwedera. Atandiona anakhalira mwalawo.

"Mukutani kodi, Nankhoma?"

"Palibe. Mwasowa chochita, aPhiri?"

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa mnzanga Jailosi, amene ankakonza njinga pamsika wa Mitundu. Jailosi anali munthu woti ukamuuza kuti mutu ukundiwawa, iye akuuza dzina la amene wakulodza. Anasiya sipanala, n'kundiyang'ana ngati akuona maliro.

"Achimwene, mwatha. Ameneyo ndi khuzumule."

Inu simumudziwa khuzumule. Ndi mankhwala amene amati mkazi amathira mwamuna m'ndiwo kuti afatse, azingoti eya pa chilichonse ngati mwana.

"Ntchito yatha, ndalama mulibe," anatero Jailosi. "Chatsala n'choti muzitsuka mbale ndi kuchapa zitenje. Ine ndikanakhala inu, ndiwo za pakhomopo sindikanalawanso."

Ndinamumvera. Tsiku loyamba ndinati m'mimba mukupotokola. Lachiwiri ndinati ndadya kale kwa mnzanga. Kenako mabodza anatha, ndinkangokankha mbale. Inali mbale yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, yobenthuka pambali, imene ankandipakuliramo ndiwo chikwatirireni. Ndinkakhalira chinangwa chootcha ndi zitumbuwa za pamsika, lamba n'kumabowola mabowo atsopano. Agogo anu sanalire, sanakalipe. Ankatenga mbaleyo, ndiwo n'kupatsa ana, amayi anu ndi abale awo, ana n'kudya n'kunyambita zala. Ine ndinkati, eya, mankhwala ake amasankha munthu.

Musaseke. Masiku ano mwamuna amadya tchipisi panjira, kunyumba n'kukangogona, palibe amene amadabwa. Kale kukana chakudya cha mkazi wako kunali kunena kuti ukwati watha, kungoti sunatchule ndi pakamwa. Nkhani inafika kwa ankhoswe. Kuchikazi kunali atsibweni awo a Nankhoma, a Kapalamula, atelala a pakhonde la sitolo. Kuchimuna anaitanitsa akulu anga kuchokera ku Nathenje. Tinakhala m'mawa pansi pa mtengo wa mango uja munagwetsa chaka chatha.

Ndinafotokoza zonse: chipanda, manda, mwala, milomo yogwedera. A Kapalamula anatembenukira kwa Nankhoma.

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Milomoyo ndinkaimba nyimbo ya kwaya," anatero agogo anu. "Ndipo amenewo si mankhwala, ndi mbewu."

Anati kumsonkhano wa amayi kutchalitchi kunabwera mayi wina wophunzira za ulimi, atanyamula chitini cha m'sitolo za m'tauni. Pachitinipo panali chithunzi cha mphukira zonenepa ngati zala. Mayiyo anati azungu ndi anthu a m'mahotela amadya zimenezo, ndipo katsitsimzukwa wathu wa kutchireyu ndi m'bale wake, mphukira zake zanthete zimadyedwa. Atalimidwa m'munda akhoza kukhala ndiwo, mwinanso malonda. Vuto linali limodzi: njere zake n'zouma mutu, sizimera wamba. Ndiye anapempha amayi kuti aliyense akayese kwawo, kuchotsa mnofu wa chipatso, kuviika m'madzi ofunda, kukhutiza khungu pamwala.

"Nanga unkabisiranji?" anafunsa a Kapalamula.

"Pakamwa pa aPhiri mukupadziwa. Akanandiseka mpaka pabawo. Komanso atsibweni, ndikanafuna mankhwala, si ndikanangokumba muzu tsiku limodzi n'kuthana nazo? Ndivutikirenji ndi njere?"

Funso limenelo linandilasa, koma sindinafune kugonja pamaso pa akulu anga.

"Mbewu imamera," ndinatero. "Ngati ndi mbewu, ili kuti imene yamera? Ine nazale ndaigwira mpaka imvi izi. Chinthu chosamera si mbewu."

A Kapalamula ananunkhiza fodya wawo, n'kuyetsemula, n'kuseka pang'ono.

"Mkamwini asamakule mwendo, aPhiri. Mwakana chakudya, mwatchula mwana wathu kuti ndi wamankhwala. Kunena zoona, mwadzisudzula nokha. Njinga yanu ili apo."

Akulu anga anayamba kupepesa, koma amene anadula mlandu ndi agogo anu. Anayankhula maso ali pansi, mawu osakwera.

"Asapite lero. Akuti nazale amaidziwa. Ameretse okha, ndi manja awo, aone ngati ndi mbewu kapena ayi. Kufikira tsiku limenelo ine sindiwaphikira, azigona kuchigafa. Tikakolola chimanga isanamere, apite kwawo, chifukwa ine sindingakhale ndi munthu wondiopa."

Mwamva? Walira mvula walira matope. Ndinapita kukaimba mlandu, ndinabwerako ndili ndi ntchito yomeretsa chinthu chomwe ndinkachiopacho. Ndinasamukira m'chigafa, shedi ya fodya yopanda zipupa, mmene mphepo inkalowa ngati kwawo. Apo ndiye mantha anandigwira enieni, ana inu. Osati a khuzumule. Ndinkaona amayi anu akusewera pabwalo, n'kumaganiza kuti pofika masika ndidzakhala mlendo kwa iwo.

Ndinakonza bedi monga ndinkachitira ndi fodya. Ndinatipula, ndinasakaniza dothi la pachulu ndi mchenga, ndinaunjika mapesi n'kuotcha, phulusa n'kulisalaza. Nankhoma anatumiza njere zawo zonse, zouma, zimene anakhala akutola nthawi yonseyo. Ndinafesa, ndinaphimba ndi udzu, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Fodya ukamuchitira zotere sachedwa kukuyankha. Uyu ayi. Mvula yoyamba inagwa, anthu anadzala chimanga, chinamera, anapalira. Pabedi panga panamera bonongwe yekha.

Mayi wa zaulimi uja anafika tsiku lina ndi ambulera yake, atamva kuti kuli bambo amene akuyesa. Ndinamulandira ndi nkhope ya pamaliro.

"Mayi, tandiuzani chilungamo. Chinthuchi chimamera?"

"Chimamera, bambo, koma nafenso chikutivuta. Tikafesa zambiri m'timbale mwathu, zimatuluka zowerengeka. Chifukwa chake chenicheni sindikuchidziwa. N'chifukwa chake tikupempha anthu ambiri ayese."

Munthu wa sukulu kunena yekha kuti sindikudziwa! Chibadwire ndinali ndisanamvepo. Mumtima ndinati, ameneyu pali chimene akubisa. Koma anagwada ndithu pabedi panga, anafukula njere imodzi, anaiswa ndi mano, n'kundionetsa kuti m'kati munali mofumbwa. Anati mwina zinakhalitsa, mwina zina anathyola zisanapse.

Iye anati mwina. Ine ndinamva zina. Ndinati, ohoo, Nankhoma anandipatsa dala njere zakufa, kapena anaziwiritsa, kuti ndilephere ndichoke. Mukuona mmene mutu wanga umayendera? Choncho ndinaganiza zokatenga njere zanga ndekha, kumene dzanja lawo silinafikeko.

Ndinapalasa njinga kupita ku Nathenje m'kati mwa dzinja. Inu mumakwera kabaza kapena minibasi n'kumadandaula fumbi. Nthawi imeneyo njira yachidule inali matope okhaokha, pena njinga imakunyamula, pena umainyamula ndiwe. Pamitsinje unkavula nsapato n'kuzimangirira m'khosi. Ndinafika pamsewu waukulu, amayi akugulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu, ine osagula kanthu. Sindinalowe n'komwe m'mudzi mwathu, kuopa mafunso. Ndinakwera kuphiri kumene ndinkaweta mbuzi, ndipo ndinamupeza katsitsimzukwa atapsa psuu. Ndinathyola zofiira zokhazokha, kudzaza chipewa, manja onse magazi.

Pobwerera ndinaotchanso bedi lina. Theka la zipatso ndinafesa momwemo ndi mnofu wake, poti ndinati kutchire palibe amene amazisenda. Zotsala ndinazisiya m'chipewa pamtanda wa chigafa, n'kupita kukabandira chimanga.

Pobwera kumunda, chipewa chili pomwepo koma chopanda kanthu. Pansi pake pali mbale ija ya mkombero wabuluu, yovundikira bwinobwino ngati muli ndiwo. Kuvundukula, muli njere zanga, zosendedwa, zotsukidwa, iliyonse yokhutizidwa pang'ono mbali imodzi, zili m'madzi ofunda. Zoyandama anazichotsa n'kuziika padera pa tsamba. Ndinayang'ana kunyumba. Nankhoma anali pamtondo, atandifulatira, akusinja ngati sakudziwa kanthu.

Ndinaima nayo mbaleyo nthawi yaitali. Mtima wina unkati taya, azipha. Mtima wina unkati, akanafuna kuzipha akanavutikiranji kukhutiza imodziimodzi? Pomaliza kukayikira komweko kunandithandiza. Ndinati ndizifesa pazokha, kumapeto kwa bedi, ndizike kamtengo pakati, kuti zikalephera ndidzakhale ndi umboni. Mawa lake ndinazifesa, bedi linakhala uku zanga, uku zawo.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo sanali pachikamwini. Chimanga chinamasula, chinabereka, ana anayamba kuotcha dowe. Ine m'mawa uliwonse ndinkakweza udzu wa pabedi n'kusuzumira. Jailosi anandiuza kuti ndiyambe kugulitsa nkhuku zanga ndisanathamangitsidwe. A Kapalamula akandiona pamsika ankafunsa, "Njinga ili bwino, aPhiri? Matayala ali ndi mpweya?"

Masamba a chimanga atayamba kuuma, m'mawa wina ndinakweza udzu, ndinaona kanthu kobiriwira, kowonda ngati singano ya a Kapalamula. Pambali pake kena. Kutsogolo kena. Ndinayang'ana kamtengo kanga kaja. Tonse tinali mbali ya njere za m'mbale. Mbali yanga kunali zii.

Ndinakhala pansi padothi ponyowapo. Sindikubisirani, misozi inatuluka, ndipo ndinakondwa kuposa tsiku limene anandilemba ntchito. Kenako ndinapita kukaima pakhomo la nyumba yanga yomwe ngati mlendo.

"Odi."

"Afike."

"Nankhoma, tabwerani mudzaone."

Anabwera osafulumira, anawerama, anayang'ana mbali zonse ziwiri za kamtengo. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Bedi lake ndi labwino. Kuseri kwa bafa kuja madzi a sopo ankachuluka." Madzulo ake mphasa yanga inabwerera m'nyumba, ndipo mbale ija inabwera ndi nkhwani. Ndinadya. Koma ndisaname, ndinayamba ndanunkhiza.

Za malonda zija musafunse. Mayi uja anabwera, anasangalala, anafunsa zonse mmene tinachitira, anatengako mbande zingapo. Patapita nthawi tinamva kuti anasamukira kwina. Galimoto yodzagula katsitsimzukwa mpaka lero ikubwerabe. Pamenepo pokha kukayikira kwanga kunalondola. Amayi ena onse anazisiya, koma ife tinawokera mbande zathu kuseri kuno, ndipo sizinafe.

Chomerachi sichithamanga. Panadutsa dzinja lina, n'kubweranso lina, ndipo mvula yoyamba itagwa m'pamene chinatulutsa mphukira zonenepa zoti n'kuthyola. Agogo anu anazithyola, anaziphika ndi tomato ndi nsinjiro, anaziika m'mbale ya buluu ija, n'kukhala pamphasa moyang'anana nane. Ana anawatuma kwa apongozi. Ndinasamba m'manja pang'onopang'ono.

"Inu simulawako?"

"Iyayi. Yambani ndinu."

Apo ndinadziwa kuti mlandu uja sunathere pabedi. Kumeretsa kunali kuonetsa kuti ndi mbewu. Apa ankafuna aone ngati ndikuwaopabe. Mawu a Jailosi anali m'khutu ngati udzudzu. Ndinayang'ana ndiwo, ndinayang'ana mkazi amene anakhutiza njere zija imodziimodzi kuti ndisachoke. Kapena kuti mbewu yake imere, ndani akudziwa? Ndinatema mbamu, ndinasunsa, ndinameza. Zinali zowawira pang'ono kumapeto, koma zokoma. Ndinamaliza mbale yonse.

"Mwathiramo chiyani?"

"Mchere," anatero.

Kuyambira pamenepo chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa tinkadya. Ndipo anthu anayamba kunena kuti aPhiri afatsa. Pabawo ndinkachoka dzuwa lisanalowe. Nankhoma akadwala ndinkatunga madzi, amuna anzanga akuona. Ine ndimati unali ukalamba chabe. Jailosi ankangopukusa mutu.

Pamene agogo anu anadwala matenda awo omaliza, tsiku lina masana ndinawatulutsa kuti apitidwe mphepo pomwe wakhala Chisomopo. Ndinati ndifunse komaliza.

"Nankhoma, pano takalamba, palibe mlandu. Tsiku lija, unali mchere wokha?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mukanadziwa, mukanatani?"

Yankho lake linali lomwelo, ndipo anapita nalo.

Mwambo wathu mukuudziwa, kapena simuudziwa poti mumakhalira mafoni. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, abale ake amabwera kudzamutenga. Anabweradi a ku Nathenje, akuchikazi anandimasula mwaulemu, anati ndinu mfulu, pitani mukapume kwanu. Katundu anamangidwa. Ine ndinazungulira kuseri kuno ngati ndikupita kubafa, ndinapeza mvula ya dzana lake yatulutsa mphukira. Ndinabwerera n'kuwauza kuti masulani katunduyo, sindipita. Anandinyengerera mpaka dzuwa kupendeka, anabwerera okha.

Jailosi, ali ndi ndodo, mano atatha, anandipeza pamaliro ena n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, ndinakuuzani." Mwina ananena zoona. Ine mpaka lero sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti wophikayo anagona kumanda uko zaka zapitazo, mphukirazi ndimathyola ndekha, kuphika ndekha, mchere kuthira ndekha, koma mwendo wopita ku Nathenje ukukanabe. Ngati anali mankhwala, sanasuluke.

Tadala, chikwanjecho kabwezere kumene unachitenga. Ubwere ndi kheni, uthire madzi patsinde. Ukatero ukatsuke mbale ya buluu ija, ili pathandala.